Galu Wobwezedwa Kawiri

Pakhomo pa a Wezulo zinthu zinkayenda ndi wotchi. Tiyi ankafika patebulo sikisi koloko yeniyeni, nsapato zinkafola pakhonde ngati zikudikira kujambulidwa, ndipo mlendo akakhalitsa, eni nyumba ankayang'anayang'ana pamkono mpaka mlendoyo azindikire yekha kuti nthawi yatha. Dzina loti Wezulo silinali lochokera kwa makolo. Analitola m'mabwalo a mpira, kumene anakhala woyimbira masewero kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo linawamatirira ngati chisoso pa thalauza, moti ngakhale akazi awo ankawaitana nalo akafuna kuwaseka.

Atapuma pantchitoyo, wezulo wawo wachitsulo anamupachika pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo masiku anayamba kutalika. Ana anali atakula n'kukakhala paokha. Akazi awo anali telala. Ankasoka mayunifolomu a sukulu m'kachipinda ka kuseri, ndipo makina akangoyamba kulira sankamvanso za munthu. Panalibe wina woti auzidwe poima. Mimba inayamba kuwatsogolera panjira, ndipo atapita kukapimitsa, dokotala sanapite m'mbali: shuga wakwera, magazi akuthamanga, muziyenda ola lathunthu tsiku lililonse. Anayenda Lolemba, anayenda Lachiwiri, Lachitatu anakhala pansi.

"Munthu amene wathamanga ndi cholinga moyo wake wonse sangamazungulire misewu ngati wataya makiyi," anatero.

"Ndiye pezani choyenda nacho," anayankha akazi awo, ulusi uli kukamwa.

"Ndaganiza kale. Tipeze galu."

Mayiwo anaimitsa makina n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukufuna galu, abambo, kapena mukufuna womuyimbira? Paja ana anathawa, ine ndinakana."

Anaseka onse awiri.

Kumathero a tauni kunali malo osungirako agalu otayidwa ndi osochera. Ankayang'anira malowo anali mayi wina wamfupi, wa mawu ochepa, amene kaya dzuwa kaya mvula ankavala majombo, ndipo anthu ankangomuti mayi wa majombo. Anawayendetsa awiriwo m'kanjira ka simenti pakati pa makola a waya. Agalu ankadumpha, kuuwa, kukanda waya, aliyense kudzitsatsa. A Wezulo ankawadutsa onsewo manja ali kumbuyo, ngati akuyendera osewera mpira usanayambe. Pakhola lomaliza anaima. Mkatimo munali galu wamphongo wotuwa, wa khutu limodzi long'ambika, atakhala pakona chete, mutu uli pansi.

"Uyu ndiye wamwambo," anatero. "Saphokosera ngati anzakewo."

"Si mwambo umenewo, bambo, ndi mantha," anatero mayi wa majombo. "Dzina lake ndi Phulusa. Tinamupeza atamangidwa kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, nthiti zikuwerengeka. Mabanja awiri anamutengapo, onse awiri anamubweza. Akabwezedwa kachitatu, sindikhulupirira kuti adzakhalanso galu wa munthu."

Kenaka anafotokoza pang'onopang'ono, akuwerenga ndi zala. Masabata atatu oyamba galuyo asaphunzitsidwe kanthu. Apatsidwe kona yake, chakudya pa nthawi imodzimodzi, ndi mtendere. Dzina lisasinthe. Anthu asamuunjirire. Kunja kwa mpanda chingwe chisamasulidwe. Ndipo koposa zonse, phokoso lobaya m'makutu ayi. Zonsezi zinalinso papepala limene anawapatsa.

A Wezulo analipinda kanayi n'kulilowetsa m'thumba la kumbuyo. "Mayi, ine ndalamulirapo amuna makumi awiri ndi awiri nthawi imodzi, ena otchuka moti ankadziona ngati mafumu, anthu zikwizikwi akunditukwana mbali zonse. Galu mmodzi ndimupatsa masabata awiri."

Maso a mayiyo anali pa akazi a bambowo, amene anali atanyonyomala chapatali ndi khola, akuyang'ana kumbali ngati galuyo sakumuona. Mwina anavomera kusaina mapepala chifukwa cha mayi wonyonyomalayo.

Asanafike n'kunyumba komwe, dzina linali litasintha. Phulusa, anatero a Wezulo, ndi chinthu chotaya kudzala. Galu wawo akhala Kaputeni. Pepala la mayi wa majombo linachapidwa pamodzi ndi thalauza. M'malo mwake, pachitseko cha firiji panamatidwa ndandanda yolembedwa ndi rula: wezulo kamodzi, khala pansi, kawiri, bwera kuno, katatu, pita pamalo pako.

M'mawa mwake anatsitsa wezulo pamsomali, anaima pakati pa balaza chifuwa chili patsogolo, n'kuimba kamodzi. M'nyumba wezulo salira ngati pabwalo. Amagunda makoma n'kubwerera. Galuyo anagwa pansi ngati wagendedwa mwala, mkodzo n'kuyenderera pa matailosi, kenaka anakwawa mpaka m'kachipinda kosokera n'kukalowa pansi pa tebulo la makina, kuseri kwa mulu wa zidutswa za nsalu.

"Tsiku loyamba ndi mmene zimakhalira," anatero a Wezulo akukolopa. "Osewera atsopano amanjenjemeranso."

"Osewera anuwo ankakodzanso pabwalo?" anafunsa akazi awo.

Sabata yoyamba inali ya nkhondo. Galu sankadya bambowo akakhala pafupi. Ankadikira atuluke, n'kumeza chakudya ngati akuba. Nthawi yoyenda ikakwana ankakanirira pageti, miyendo yonse inayi itakhomedwa pansi, ndipo akakokedwa mpaka kumsewu, ankapotoza khosi kufuna kubwerera. Lachinayi anatafuna nsapato imene a Wezulo anavala pa masewero awo omaliza, yomwe ankaisunga pashelefu ya pansi ndi kuipukuta mwezi ndi mwezi. Bambowo sanamumenye, sanali munthu wa manja. Anamutulutsa pakhonde n'kumutsekera panja mphindi khumi, ati akaganize bwino. Kenaka anawonjezera maphunziro, kawiri patsiku n'kukhala kanayi.

Maphunziro akangotha, galu ankathamangira pansi pa makina osokera.

"Mukumuwononga ndinu, amayi," anadandaula bambowo tsiku lina ali pakhomo la kachipindako. "Ine ndikumanga, inu mukuphwasula."

"Ine sindinamuuzepo kanthu," anatero mayiwo osasiya kupinda kolala ya shati. "Ndimasoka, iye amagona. Nthawi zina amatsamira phazi langa, ndiye ndimapondera makina ndi linalo."

Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi, zinthu zinaoneka ngati zayamba kuyenda. Wezulo akalira kamodzi, galu ankadzigwetsa pamene waimapo, mimba pansi, makutu atamatirira kumutu, osasuntha n'komwe. Akalira kawiri, bambowo ankakoka chingwe, galu n'kubwera chokwawa. A Wezulo anachonga pandandanda yawo n'kuitana akazi awo kuti adzaone.

"Mwaona? Wamva. Masiku asanu ndi anayi okha."

"Ine ndikuona galu amene akupempha nthaka kuti imumeze," anatero mayiwo.

"Inu mumadziwa singano, amayi. Izi tisiyireni."

Loweruka lililonse masana, pabwalo la pafupi ndi msika pankaseweredwa mpira wa matimu ang'onoang'ono, ndipo anzawo akale a a Wezulo ankakumana kumeneko, kukhala pa mabenchi a matabwa n'kumanyoza oyimbira a masiku ano. Pakati pawo panali mnzawo wa ponda apa m'pondepo, amene kwa zaka zambiri ankawagwirira mbendera m'mbali mwa bwalo, ndipo onse ankamuti a Mbendera. Iyeyu ndiye anaseka kwambiri atamva za galu, nanena kuti munthu amene analephera kuletsa mimba yake sangaletse chinthu cha mchira. Mawu amenewo a Wezulo anawasunga.

Loweruka lachiwiri anavala jekete, wezulo m'khosi, n'kutenga chingwe.

"Mayi uja ananena masabata atatu," anawakumbutsa akazi awo. "Ananenanso za anthu ambiri. Kubwaloko n'kopanda anthu?"

"Mayi uja amadziwa kusunga agalu. Kuphunzitsa ndi ntchito ina."

Anafika mpira usanayambe. Galu anali atatulutsa lilime, mchira uli pakati pa miyendo, akuzembera kuseri kwa thalauza la mbuye wake. Anzawo aja anamuzungulira, wina kumugwira khutu long'ambika, wina kufunsa ngati amaluma. A Wezulo anawauza kuti afutuke, n'kuimba kamodzi. Galu anagwa pansi nthawi yomweyo. Akuluakuluwo anawomba m'manja.

"Pachingwe ngakhale mbuzi imamva," anatero a Mbendera. "Mumasuleni tione ngati abwere yekha."

Pamenepo mtima wa a Wezulo unagunda kamodzi mowachenjeza, chifukwa anali asanayesepo popanda chingwe. Koma maso asanu ndi atatu anali pa iwo. Anawerama, anamasula chingwe pa lamba wa m'khosi, n'kubwerera chambuyo mapazi khumi. Galu sanasunthe. Akadali pomwepo, woyimbira wa tsikulo anayambitsa mpira ndi wezulo wautali, ochemerera n'kukuwa pamodzi, wina n'kumenya chitini. Galuyo anadzambatuka ngati wapsa.

A Wezulo anaimba kawiri. Galu anawonjezera liwiro. Anaimbanso, mwamphamvu kuposa kale, ndipo anaona ndi maso awo kuti kulira kulikonse kukumukankhira kutali. Anamuthamangira. Miyendo inkakumbukira zakale koma thupi linali lina. Asanafike pageti la bwalo bondo linapindika, anagwa chafufumimba pafumbi, wezulo n'kuwatema mlomo. Atadzutsa mutu anaona kanthu kotuwa kakudumpha msewu waukulu pakati pa magalimoto, mabuleki akulira, minibasi ina itakhotera m'mbali. Kenaka sanaonenso kanthu.

Palibe anaseka. A Mbendera anawadzutsa, n'kuwasansa fumbi.

Anafika kunyumba akutsimphina, chingwe chokha m'manja. Akazi awo anayang'ana chingwecho, anayang'ana mlomo wotupa, osanena kuti ndinakuuzani. Anazimitsa ayironi, anavala nsapato, n'kutenga kansalu kamene galu ankagonera. Pakhomo anatambasula dzanja n'kuloza wezulo uja.

"Chitsulocho chisiyeni," anatero. "Tikufuna kumupeza."

Anafunafuna mpaka dzuwa kulowa: kuseri kwa msika, m'ngalande za madzi, pamalo okwerera basi, kumene amatayako zinyalala. Mayiwo ankaitana motsitsa mawu dzina lakale lija. Bambowo ankafunsa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo aliyense ankaloza kwina. Lamulungu anachitanso chimodzimodzi. Akaona chinthu chagona pamphepete mwa phula, a Wezulo ankachepetsa mayendedwe mpaka ataona kuti ndi thumba kapena tayala. Madzulo a tsikulo anakhala pakhonde osakhudza chakudya.

"Anandiuza kuti akabwezedwa kachitatu ndiye basi," anatero. "Ine sindinamubweze n'komwe. Ndamutaya."

Lolemba m'mawa foni inalira. Anali mayi wa majombo. Mawu ake anali osalala ngati mpeni.

"Galu ali kuno. Ndamupeza pageti potsegula. Wachekeka phazi, koma ali moyo."

Kuchokera kubwalo la mpira kukafika kumakola kunali makilomita asanu ndi anayi. Kunyumba kwa a Wezulo kunali awiri okha. Bambowo anawerengera zimenezi ali m'basi, ndipo yankho lake linawawawa kuposa bondo: galu anali ndi nyumba yapafupi, ya mkeka wofewa ndi mbale yodzaza, koma anasankha kuyenda masiku awiri kupita kukhola la simenti.

Anamupeza m'khola lomwe lija, phazi litamangidwa bandeji. Galuyo ataona akazi a bambowo, amene anabwera nawo, anagwedeza nsonga ya mchira. Ataona bambowo anakwawira pakona n'kuyang'ana khoma.

"Sindikupatsaninso," anatero mayi wa majombo.

"Mayi, mapepala tinasaina."

"Tinasaina, ndipo mzere wachitatu ukuti ndikaona kuti galu sali bwino ndimamutenganso. Munawerenga?"

A Wezulo anakhosomola. Anayamba kufotokoza za phokoso la kubwalo, za a Mbendera, za njira imene ikadayenda akadapatsidwa sabata ina. Mawu awo anayamba kukwera monga ankakwerera wosewera akamakana khadi.

"Bambo," anawadula mayiyo, "pabwalo lino woyimbira ndine."

Akazi a bambowo anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. A Wezulo polankhulanso, mawu anali atatsika.

"Ndalakwa ndine, osati galuyo. Asalangidwe chifukwa cha ine. Pali chimene ndingachite?"

Mayi wa majombo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka analowa m'kanyumba kosungira zipangizo n'kutuluka ndi ndowa ya pulasitiki, n'kuivundikira m'kholamo, pafupi ndi chitseko.

"Muzibwera m'mawa uliwonse, muzikhala apa ola limodzi. Osamuitana, osamugwira, osamuyang'anitsitsa. Mukhale chammbali. Tizidutswa ta chiwindi iti muziponya pafupi ndi iye, basi."

"Masiku angati?"

"Adzanena ndi iyeyo."

Tsiku loyamba linali lalitali kuposa masewero alionse amene anayimbirapo. Ndowa inali yotsika, bondo linkapweteka, agalu a m'makola ena ankauwa, ndipo Phulusa sanatembenuke n'kamodzi komwe. Chiwindi chinangokhala pasimenti mpaka ntchentche zinachipeza. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu, ali pafupi kunyamuka, anamva kutafuna kumbuyo kwawo. Anafika kunyumba akumwetulira ngati awina chikho.

Tsiku lachinayi galu anayandikira mpaka kufwenkha chidendene cha nsapato yawo. Mtima wakale unadzuka: mpata ndi umenewu. Anatambasula dzanja msangamsanga kuti amusisite pamutu. Galu analumpha chambuyo, kugunda waya, n'kubwerera pakona. Kwa masiku atatu otsatira sanadyenso kanthu iwo alipo.

"Ndinangofuna kumusisita," anadandaula kwa mayi wa majombo, amene ankatsuka khola loyandikana.

"Munafuna inu. Iye anafuna?" Mayiyo anatseka mpopi n'kutsamira tsache. "Galu amalankhula, bambo, koma ndi thupi. Akanyambita mphuno, akayasamula popanda tulo, akatembenuza mutu, akunena kuti zandikwana. Anakuuzani katatu dzanja lanu lisanafike."

Mawu amenewo anawalowa mwa njira ina. Kuyambira tsikulo anasiya kuwerenga mphindi n'kuyamba kupenya, chammbali, ndi kona ya diso. Anazindikira kuti khutu labwinolo limatembenuka galu asanasunthe, kuti mchira ukamasuka pang'ono ndiye kuti phazi litsatira, kuti galimoto ikadutsa kunja khungu la pamsana limanjenjemera kaye. Ntchito imeneyi sinali yachilendo kwa iwo. Kale ankadziwa wosewera amene akufuna kutchera mnzake mwendo pongoona mapewa ake.

"Mukudziwa, amayi," anauza akazi awo tsiku lina atabwerako, akuvula nsapato, "masewero abwino amene ndinayimbirapo ndi aja anthu sanadziwe n'komwe kuti ndinalipo. Ndinkangoima pamalo oyenera n'kumaona. Kuimba kunali kochepa."

"Zaka makumi atatu ndili nanu, izi mukuzimva kwa galu," anatero mayiwo, koma anawawonjezera tiyi.

Bondo litayamba kuchira, ankatsika basi masiteji awiri asanafike n'kumalizitsa wapansi, kenaka masiteji anayi. A Mbendera anaimba foni kupepesa, n'kufunsa ngati n'zoona kuti masiku ano amakhala pa ndowa m'khola la agalu. A Wezulo anavomera kuti n'zoona, ndipo anawonjezera kuti ndowa ilipo ina ngati akufuna. Mvula inagwa masiku awiri. Anapitabe, atafunda pepala la pulasitiki. Panali m'mawa wina pamene anakhala ola lonse popanda chochitika, ndipo potuluka anafunsa mayi wa majombo ngati sakungotaya nthawi ya aliyense.

"Lero wagona tulo inu mulipo," anayankha mayiyo. "Galu sagona pafupi ndi chinthu chimene akuchiopa."

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi Phulusa anadya chiwindi chimene chinali pansonga pa nsapato yawo. Patapita masiku ena atatu anachitenga m'dzanja lotambasulidwa pansi, milomo yake ikukhudza chikhatho mopepuka ngati nthenga. A Wezulo anapuma pang'onopang'ono, dzanja osalisuntha, ngakhale mkono unali utachita dzanzi. Galuyo anamaliza, anafwenkha zala, kenaka anazungulira kamodzi n'kugona, msana utatsamira mwendo wawo.

Apa m'pamene maphunziro anayambira, ndipo anayamba ndi bambowo. Mayi wa majombo anawaonetsa kukweza kachidutswa ka chiwindi pamwamba pa mphuno ya galu mpaka matako atsike okha, n'kunena kamodzi kokha, motsitsa, kuti "khala". Mphindi zisanu, kenaka kuleka zinthu zikadali bwino. Kulekako ndiye kunkawavuta. Galu akachita bwino kawiri, iwo ankafuna kakhumi. Anaphunzira kuitana dzina la Phulusa ngati akuitana mdzukulu, ndi kusaliitana konse akakwiya. Anaphunzira kuti chingwe chikakokeka munthu amaima n'kudikira, sakokanso. Kuzungulira mpanda wa makolawo, ulendo wa mphindi zitatu, kunkawatengera theka la ola.

Sabata yachisanu ikutha, mayiyo anawapatsa pepala lina lofanana ndi loyamba. A Wezulo anavala magalasi, anaimirira pomwepo n'kuliwerenga lonse, n'kufunsa mafunso awiri.

"Mutengeni," anatero mayi wa majombo. "Koma akabweranso yekha, inu musadzabwerenso."

"Mwanena zoona, mayi."

Kunyumba sizinangokhala bwino tsiku limodzi. Phulusa anakodzanso pabalaza tsiku limene mphika unagwa kukhitchini. Anatafuna mpukutu wa lasitiki wa akazi awo, ndipo ulendo uno anadandaula ndi mayiwo, bambo n'kukhala womuikira kumbuyo. Alendo akabwera ankakabisala, ndipo a Wezulo ankauza alendowo kuti amusiye, atuluka akafuna. Poyenda anayamba ndi kanjira ka kuseri, kopanda magalimoto, kukafika pa mtengo wachitatu n'kubwerera. Kenaka mtengo wachisanu. Kenaka mpaka pamphambano. Lamba wa thalauza analowa bowo limodzi, kenaka lachiwiri, ndipo dokotala anafunsa kuti asintha chiyani.

M'mawa wina, patatha miyezi iwiri, anadutsa pamalo pamene ankamanga nyumba. Amisiri ankatsitsa malata m'lole, ndipo mtolo wina unapulumuka n'kugwa pamiyala. Phokoso lake linang'amba msewu wonse. Chingwe chinagwedezeka m'dzanja la a Wezulo, ndipo mtima wawo unalumpha, kuyembekezera kukokedwa. Koma chingwecho chinakhala chofewa. Phulusa anali atadzikanikiza pa mwendo wawo, thupi lonse likunjenjemera, mutu atadzutsa, akuwayang'ana kumaso ngati akufunsa kuti tichite chiyani.

"Palibe kanthu, mnzanga," anatero motsitsa. "Ndi malata chabe. Tiima pompano mpaka zitithere."

Anaima pomwepo, munthu ndi galu, amisiri akukalipirana za mtolo wawo. Ndipo poyang'anana chotero, a Wezulo anaona chinthu chimene anali asanachionepo: diso lakumanja la galuyo linali lofiirira ngati uchi, koma lakumanzere linali ndi kadontho koyera m'mphepete, ngati mkaka wodonthera mu tiyi. Kunjenjemera kutatha, Phulusa anadzisansa, n'kuyamba yekha kuyenda kulowera kutsogolo.

Atafika kunyumba sanavule n'jekete lomwe. Anapita molunjika kukachipinda kosokera.

"Amayi, mukudziwa kuti galuyu maso ake ngosiyana? Lakumanzereli lili ndi kadontho koyera."

Mayiwo analuma ulusi, anautemula, n'kuyala malaya pa tebulo. "Ine ndinaona tsiku lachiwiri," anatero. "Inu munali otanganidwa."

A Wezulo anakoka kampando n'kukhala pansi, galu n'kudzagona pakati pa awiriwo, makina n'kuyambanso kulira.

Zilipo zinthu zimene sizibwera munthu akazikuwira, ndipo ukazifulumiza zimabwerera m'chigoba. Akuluakulu anaziona kale zimenezi, n'chifukwa chake anati kuona maso a nkhono n'kudekha.